Masikono a Agogo a ku Halale

Fungo la masikono akupsa m'chitini ndi limene limandipeza ndikakumbukira agogo a ku Halale. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, kufupi ndi Manjawira, ndipo m'mawa uliwonse utsi wa zitsononkho unkadutsa pampanda wa udzu n'kulowa kwathu, pamodzi ndi kulira kwa lata akamayala makala pachivundikiro ndi nyimbo ya kutchalitchi imene ankaiimba m'chinenero chakwawo. Sanali agogo anga enieni. Anabwera ndi amuna awo, mtchona amene anakalambira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe. Bamboyo atamwalira, iwo anatsala opanda mwana, opanda mbale, ndi Chichewa chopindika chimene ife ana tinkachiyerekeza akatembenuka. Ankadziwa kuti timawaseka, komabe masikono opserera m'mbali anali athu.

Pamudzi pathu panali mnyamata dzina lake Yohane, mwana wa mkulu wa mpingo. Ndiye ankatsogolera kwaya asanapite ku Joni kukagwira ntchito, ndipo malata a tchalitchi chathu anatumiza ndi iye. Makolo akamatidzudzula ankatchula dzina lake. Chaka china anabwerako ataonda, akutsokomola, jekete ikumulendewera m'mapewa. Amayi anga ndi amene anaperekeza mkazi wake kuchipatala, ndipo anamva ndi makutu awo kuti onse awiri anali ndi kachilombo. Masiku amenewo matendawa anthu sankawatchula dzina.

Yohane atamwalira, mawu anayamba kuyenda kuchitsime. Ankati tsiku limene anafika anadya masikono a agogo aja, ndipo kuchokera pomwepo sanadzukenso. Wina anakumbukira kuti mayiyo sanabereke. Wina anafunsa kuti nyimbo zimene amaimba m'mawa ndani amazimva.

Agogo sanadziwe kanthu. Anafika pamaliro atasenza mtolo wa nkhuni, kalichero ka ufa kali m'manja, monga ankachitira pa maliro aliwonse. Nyimbo inaduka. Amayi ake a Yohane, aNangozo, anadzuka pamphasa maso ali gwa.

"Mwabwera kudzaona ngati ntchito yanu yatheka?"

Agogo anayang'ana uku ndi uku, kufuna woti awamasulire, poganiza kuti mwina Chichewa chawalaka. Anatula nkhunizo pansi pang'onopang'ono n'kubwerera, ufa uli m'manja. Nkhunizo zinakhala pomwepo mpaka chiswe chinadya.

Kuyambira pamenepo dengu la masikono la agogo linkabwerako kumsika lodzaza. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala yopanda munthu, ndipo anyamata ankagenda denga lawo akamachokera kumpira. Madzulo ena ndikutsuka mbale ndinawamva akuitana amayi anga pampanda.

"Amake Chisomo, inu munali kuchipatala. Mukudziwa. Bwanji osawauza?"

Amayi anawerama, chala chikukanda nsungwi ya mpanda. Anangoti nkhaniyo ndi yovuta, ndipo agogo anati amva. Sanafunsenso.

Mvula isanayambe agogo anagulitsa nkhuku zawo, namanga katundu m'chitenje. Anauza amayi kuti akwera basi ya ku Lizulu, ndipo kumeneko akafunsa njira yodzera ku Mozambique mpaka kwawo, kumene anachokako ali mtsikana. Ine ndinawanyamulira kachikwama mpaka pamsewu. Anandigwira patsaya, nandiuza kuti ndizisamba m'khosi. Sitinamvenso za iwo. Mkazi wa Yohane anamwalira iwo atapita kale, anyamata enanso anabwera kuchokera ku Joni ataonda, ndipo anthu anayamba kuloza nkhalamba ina ya kutsidya kwa dambo.

Nditakula ndinawafunsa amayi chimene chinawatseka pakamwa. Anati nyumba iliyonse inali ndi mwana ku Joni, achimwene anga omwe, ndipo kuvomera za Yohane kunali kuvomera kuti aliyense wa iwo akhoza kubwera chomwecho. Zinali zopepuka kuti wolakwa akhale munthu mmodzi wopanda womulirira.

Lero ndikakhala pamaliro, wina n'kuyamba kunong'ona kuti imfa iyi si yabwino, ndimayang'ana mayi amene anzake ayamba kumutalikira pamphasa, n'kunyamula chitenje changa kukakhala pambali pake.