A Velizar, Amene Anazimitsa Magetsi Kwawo pa Tsiku la Nikola Woyera

A Vukosava anali pakhonde akusenda tsabola wootcha woti apange ajvar, ndiwo ya tsabola wosinja yosunga m'mabotolo, manja ali bii, pamene mwana wawo Dunja analowa pageti atavalabe zovala zakuchipatala.

"Amayi, amalume a Velizar atisiya."

"Liti?"

"M'mawa uno. Pampando wawo womwe uja."

A Vukosava anayang'ana beseni la tsabola, kenaka anapukuta manja pa epuloni. "Munthu ameneyu sadziwa kusankha tsiku," anatero. "Sanadziwepo chibadwire." Atatero anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Inu amene mwabwera m'parishi muno posachedwa mumawadziwa a Velizar Pejčinović ngati nkhalamba yoima m'tchalitchi pafupi ndi chithunzi cha Nikola Woyera wa ndevu zoyera uja, yoimba mokweza koma mophonya. Ana anu amawatcha Agogo Mdima. Mverani komwe dzinalo linachokera, chifukwa ena mumalitchula mopusa.

Anabadwira kumapiri nkhondo yaikulu itangotha, m'mudzi wopanda ndi babu limodzi lomwe. Mayi awo, a Jevrosima, anali wamasiye, koma chaka chilichonse ankasunga slava, tsiku la woyera wa banja, ngakhale ufa unali wopempha. Mapolo a magetsi atafika m'mudzimo, Velizar anasiya mbuzi m'munda wa eni n'kumatsatira okoka waya ndi mafunso. Anakwapulidwa, mawa lake anabwererakonso. Mayiwo anaona kuti mbuzi zilibe mbusa, ndiye anamutumiza kusukulu kuno mumzinda wa Niš.

Anamaliza maphunziro a uinjiniya m'masiku amene kulowa m'tchalitchi kunkatseka njira ya udindo. Iwo sankabisa, sankalengezanso. Lamulungu ankapita, Lolemba ankagwira ntchito. Anzawo anakwezedwa, iwo anatsala m'kachipinda kakumbuyo ndi kompyuta yaikulu ngati kabati, imene ankaidyetsa makadi oboolaboola. Ntchito yawo inali kuiphunzitsa kulosera kuchuluka kwa magetsi amene mzinda udzafune mawa.

Pulogalamu yogula kunja inkalosera bwino, koma inkaphonya tsiku limodzi m'Disembala. Aliyense ankadziwa chifukwa chake, panalibe wofuna kuchitchula. Theka la mzinda uno woyera wawo ndi Nikola, ndipo tsiku limenelo mauvuni onse amayaka pamodzi, uku buledi, uku nsomba. A Velizar analowetsa masiku onse a oyera m'kompyutamo n'kuwatcha "kusintha kwa nyengo." Mkulu wawo, munthu wachipani, anawerenga n'kufunsa kuti, "Mnzanga, nyengo yanuyi ili ndi ndevu?"

"Zoyera ndithu, bwana."

Mkuluyo anavomera. Mayi ake nawonso ankaphika buledi tsiku lomwelo.

A Velizar anakwatira a Stanija, telala wa manja abwino ndi lilime lakuthwa, ndipo anabereka mwana mmodzi, Zorica. Nyumba yawo inayang'anizana ndi ya a Vukosava, n'chifukwa chake Dunja ankawatcha amalume.

Kenaka zinafika zaka zija za nkhondo ndi kusowa, pamene magetsi ankazima mosinthana, lero kuno, mawa tsidya. Chaka china, pa tsiku la Nikola Woyera masana, Dunja, ali kamtsikana ka sukulu ya pulaimale, anaterereka pamadzi oundana n'kumenyetsa mutu pasitepe. Anasanza, kenaka anayamba kusinza. A Vukosava anamunyamula mpaka kuchipatala atavala masilipasi.

Kumeneko makina ojambula m'kati mwa mutu ankati akayamba, n'kuima. Magetsi anali ofooka, mauvuni a mzinda wonse akukoka. Chithunzi chimene chinatuluka chinali mizere yokhayokha ngati munda wopalira. Dokotala sanabise. "Mayi, sindingatsegule mutu wa mwana ndisakuona pomwe magazi akukha. Komanso sindingadikire." Anatenga lamya n'kuimbira ku likulu la magetsi.

Wolandira lamyayo anali a Velizar, amene anaitanidwa kuntchito kusiya alendo kunyumba. Sanauzidwe kuti mwanayo ndi wa ndani, ndipo sanafunse. Kuti chipatala chipeze mphamvu, dera limodzi linayenera kuzima. Ulendo umenewo zoyenera kuzima zinali nyumba zosanja za tsidya la mtsinje, momwe nkhalamba ndi makanda amaotha magetsi okha. Kuno kwathu tinali titazimiridwa kale dzulo lake, koma tili ndi mbaula za nkhuni. Anazimitsa kuno.

Buledi wa slava anali muuvuni m'nyumba iliyonse, wawo yemwe. Amene sanaphikepo buledi ameneyu asanene kanthu. Mkazi amamukanda kuyambira m'mawa, amamukongoletsa ndi mtanda, wansembe amadzamudula pamaso pa alendo. Akatuluka wosapsa, manyazi ake ndi a chaka chathunthu.

A Stanija anaimba lamya pomwepo. "Bambo a Zorica, mwapenga? Buledi wa woyera ali muuvuni!"

"Muikeni pambaula ya nkhuni, mayi."

"Pambaulapo ndiikapo mutu wanu! Alendo akhala mumdima ngati akadzidzi!"

"Nikola Woyera anadyapo kale buledi wosapsa kwa amayi anga. Sadzatikwiyira."

"Iye sadzakwiya, koma ine?"

Madzulo ake wansembe anadula buledi wa phala pakati nyumba ndi nyumba. M'mawa mwake geti la a Velizar linali litapakidwa ufa wokanda wosapsa, ndipo dzina la Mdima linabadwa.

Koma kuchipatala makina anayenda osaima. Chithunzi chinatuluka choyera, dokotala anaona magaziwo, anachita opaleshoni. Dunja atadzuka, mawu ake oyamba anali kufunsa ngati amusiyira nsomba.

A Vukosava atamva kwa dokotala chifukwa chimene a Velizar anazimitsira magetsi, anayenda khomo ndi khomo kufotokoza. Ena anachita manyazi n'kukatsuka geti lija. Ena anati, "Chabwino, nanga anazimitsiranji ifeyo?" Anthu ndi anthu. A Velizar anaimitsa a Vukosava panjira. "Mayi a Dunja, mwana wadzuka, basi. Asiyeni anene. Dzinalo silindilemera."

Chimene chinawalemera chinali chithunzi cha mizere chija. Anapempha kuti akachione, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tsiku lina sipadzakhala msewu woti tizimitse." Kuyambira pamenepo, tsitsi litayamba kale kuyera, anayamba kuphunzira za makina a kuchipatala ngati mwana wa sukulu. Pamodzi ndi madokotala ndi ophunzira a uinjiniya analemba pulogalamu yochotsa mizere pachithunzi magetsi akamagwedera. Inakana kwa zaka, iwo osatopa. Ophunzira akafuna kusiya ankawauza kuti, "Mulungu amaona m'kati mwa munthu popanda waya. Ife mwayi umenewo tilibe, ndiye tiyeni tigwire ntchito." Pomaliza inatheka. Papepala lofalitsa kafukufukuyo dzina lawo analiika kumapeto, pansi pa ana aja. Lero amene amayendetsa makina amenewo m'chipatala chathu ndi Dunja yemweyo, ndipo chipsera chake chimabisika ndi tsitsi.

A Stanija anadwala zaka zingapo asanamwalire, ndipo amuna awo ankawasambitsa ndi kuwadyetsa okha, uku akukalipiridwa kuti supu alibe mchere. Atatsala okha, buledi wa slava ankawaphikira ndi a Vukosava. Chaka chilichonse a Velizar ankafika pakhomo n'kufunsa kuti, "Wapsa?" Ndipo yankho linali lomwelo: "Apsa mukapanda kuzimitsa."

Lachiwiri lapitali Zorica anawapeza pampando pafupi ndi zenera, magalasi ali kumaso, atamaliza mapemphero a m'mawa. Kanyali ka mafuta kanali kakuyakabe patsogolo pa chithunzi cha woyera. Babu linali lozima. M'moyo wawo wonse sanasiyepo babu likuyaka pachabe. Mulungu awapumitse, ndipo ife tiwakumbukire monyadira, chifukwa anali wa msewu wathu.

Tsiku limenelo a Vukosava sanalire nthawi yaitali. Panali tirigu wa pamaliro woti aviike, malaya akuda oti asite, ndipo tsabola wootcha sadikira munthu. Anadzuka, anakokera beseni pafupi. Dunja anapinda manja a malaya n'kukhala pambali pawo. Atasenda pang'ono, a Vukosava anatukula maso n'kuona babu la kukhitchini likuyaka dzuwa lili pamutu.

"Iwe, kazimitse ilo. Ukufuna adzuke?"

Dunja anathamanga kukazimitsa. Beseni linali likadali lodzaza.