Makomprimidu a m'kachitini ka achimwene

Mwana wamwamuna wa achimwene anga anabadwa tchende limodzi lisanatsikire m'thumba mwake. Anaziona ndi enfermeyiro, namwino wa ku Fíngoè, tsiku la sikelo yoyamba.

Kunyumba mlandu unagwera mlamu wanga. Amayi anati mchombo unagwera pamaliseche pa mwanayo, ndiye adzakula gojo. "Munkayang'ana kuti, apongozi?" anamufunsa. Sabata isanathe anayamba kukamba zoti banja lithe, mlamu abwerere kwawo ku Chiputo.

Tsiku limene mchombo unagwa ine ndinalipo. Unatsalira m'kansalu, cha m'nthiti. Ndinanena, koma sanandimvere.

Ntchito yolemba nkhani m'nyuzipepala inandizoloweza kuwerenga masiku. Achimwene anakhala chilimwe chonse kokumba golide. Mlamu anaima patangotha miyezi iwiri iwo atabwerako. Nthawi yonseyo achimwene ankamwa makomprimidu m'mawa uliwonse, mapiritsi ofiira ndi oyera, opanda pepala, a m'kachitini ka fodya. Ankagula kwa munthu wina wa baraka, kagolosale ka pafupi ndi migodi.

Ndinawapeza akukonza mota, njinga yawo yamoto.

"Achimwene, aja munkamwa aja anali a chiyani?"

"A mphamvu. Ukufuna ukalembe mu jornali?"

"Dzina lake?"

"Iwe mlongo, munthu ukakhala m'dzenje tsiku lonse, msana ukuwotcha, sufunsa dzina. Anzanga onse amamwa."

"Ana awo munawavula matewera n'kuona?"

Sanaseke. Madzulo ake kachitini kanachoka pawindo pamene kankakhala. Ndinakapeza m'thumba la chimanga, muli makomprimidu asanu ndi awiri.

Nditapita nawo kwa enfermeyiro, anawatembenuza ndi cholembera, nati sakuwadziwa. Anandichenjezanso kuti ndisathamange: ana ena amabadwa choncho popanda chifukwa chodziwika, ndipo ngati mankhwala a bambo amafika pa mwana wamwamuna, ophunzira akufufuzabe. Za mchombo zokha ndiye anakana ndithu. Vutoli limayamba mwana ali m'mimba.

Umboni wotsutsa achimwene ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabisa kachitini, ndipo amayi akamanyoza mkazi wawo iwo amangoyang'ana pansi.

Mwana wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, tchende silinatsike. Tapatsidwa giya, kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu ku Tete, kumene akaone ngati pakufunika opaleshoni. Tinyamuka Lachinayi. Amayi avomera kuti za banja zidikire mawu a dokotala, ndipo achimwene akuti atiperekeza. Dokotala akafunsa zimene bambo wa mwana ankamwa, adzayankha okha.