Kuperekeza mwana wosadziwa kukana

Tinanyamuka kwa Kaduya mame asanaume, ine ndi mwana wanga Felesita panjinga yamoto imodzi, sutikesi ili pamiyendo pa woyendetsa. Felesita anakhoza Fomu Folo ndipo anasankhidwa kupita kukoleji ku Zomba. Mudzi wonse unkandiyamikira kuti ndalera mwana waulemu. Sankanama. Wamkulu akalankhula, yankho lake linali limodzi: "Eya." Ndinamuphunzitsa ndine, nthawi zina ndi kamtengo.

Mantha anandiyamba pa Migowi. Woitanira wina anamulanda Felesita sutikesi n'kuthamangira nayo kuminibasi ya ku Limbe, iye n'kumangotsatira pambuyo.

"Iwe, tikupita ku Limbe ife?" ndinakuwa.

"Anati ndiwatsate, amayi."

Ndinachita kukokerana naye munthuyo mpaka chogwirira cha sutikesi chinathyoka.

Tinakwera kagalimoto ka matola ka ku Zomba, mtengo utakwera chifukwa mafuta ati akusowa. Anatipanikiza moti tambala wa mayi wina anayenda ulendo wonse ali pamiyendo panga. Pambali pa Felesita panakhala bambo wa imvi, wa jekete lonunkhira, msinkhu wa malemu bambo ake. Tisanawoloke n'komwe mtsinje wa Phalombe anali atadziwa kale dzina lake ndi kumene akupita.

"Ine ndimakhala ku Zomba komweko," anatero. "Atsikana a pakoleji ndimawathandiza kwambiri. Tandipatsa nambala yako."

Mwana wanga anawerama n'kuyamba kutchula manambala. Ndinamutsina pantchafu, koma anamaliza onse, bamboyo akulemba mufoni mwake.

Pa Jali tinaima kutsitsa matumba a mpunga. Bambo uja anamugulira tchipisi chothira tsabola. Felesita tsabola amamupweteka m'mimba chibadwire, koma analandira ndi manja awiri, nadya chonse, misozi ili chuchuchu, n'kuthokoza.

Pamayeso a Fomu Folo palibe funso lakuti bambo wachilendo akakuitanira kunyumba kwake udzati chiyani. Ndinakumbukira mwana wa mnansi wathu amene anapita kukoleji ndi sutikesi n'kubwerako ndi mimba. Kuchoka pa Jali mpaka ku Zomba sindinaone munda kapena phiri. Ndinkangoyang'ana dzanja la bamboyo kuti lili pati.

Potsika padepoti bambo uja anamwetulira. "Ndiimba madzulo, mwana wanga."

Tinafika pageti la koleji dzuwa litapendeka. Anyamata ndi atsikana ankalowa akuseka mokweza, ena atakolekana manja, opanda wowafunsa. Mtima wanga unakana.

"Tiye tibwerere," ndinatero. "Udzayamba chaka cha mawa, utakhwimako."

Yankho ndinkalidziwa kale, choncho ndinanyamula sutikesi n'kutembenuka.

"Ayi, amayi."

Ndinayesa ndamva molakwa. "Wati chiyani?"

Maso sanatsitse. "Ndakumvani, koma sindibwerera."

Anandilanda sutikesi, nayisenza pamutu, n'kulowa. Zinandiwawa kuti ayi wake woyamba wagwera ine, amene ndinamubereka. Ndinakwera galimoto yobwerera ndikulira, mantha osachoka.

Phiri la Michesi litayamba kuoneka, foni yanga inalira m'thumba. Nambala yachilendo.

"Felesita, wafika bwino? Ndibwere ndidzakutenge?"

Anali bambo wa jekete uja. Ine nambala yanga sindiidziwa pamtima, n'chifukwa chake sindinaizindikire pamene mwana ankaitchula m'galimoto muja. Anamupatsa yanga.

Kunena zoona, mantha ndikadali nawo, ndipo sindikudziwa ngati mwana amakhala wokonzeka tsiku limene timamusiya pageti. Koma bamboyo ankadikira yankho, ndiye ndinamupatsa liwu limene ndinaphunzira kwa mwana wanga masanawo.

"Ayi."