Tsiku Limene Ndinafunditsa Reguleta

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene chisanu chinawaula nthochi zonse za m'dambo la kwathu, kuseri kwa Mitundu. Amayi anali atagulitsa mtedza wawo wonse n'kugula anapiye makumi asanu a nkhuku zoyera. Kanali koyamba kukhala ndi chinthu chawochawo, chosati cha Ababa, ndipo anapiyewo ankawalankhula ngati ana.

Ababa ankakonza mawailesi ndi mafoni m'misika. Poti kwathu kunalibe magetsi, anapangira anapiyewo chowatenthetsa: katoni yaikulu, babu la galimoto lolendewera pakati, ndi batire lomwe ankalitchaja ndi sola masana. Pakati pa batire ndi babu anaikapo kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kotchedwa reguleta. Ntchito yake yeniyeni ndi ina, koma iwo anakalumikiza mwanzeru zawo kuti kazitulutsa moto wofanana nthawi zonse, babu lisamalize batire kusanache. Anakamangirira ndi bawuti pa chidutswa cha sefuliya yakale n'kukasiya kunja kwa katoni, pawindo la khitchini lomwe linalibe galasi.

Anapiye ali ndi masiku anayi okha, mng'ono wanga wakhanda anadwala chibayo, ndipo Amayi anagonekedwa naye kuchipatala. Ababa sakanaphonya msika wa ku Nathenje, choncho ananyamuka madzulo pa njinga kukagona kwa achimwene awo. Pochoka anandiuza chinthu chimodzi.

"Tadala, batire limafooka ndi kuzizira. Dzuwa likalowa ulifunditse chiguduli."

Ine ndinali mwana wopitiriza muyezo. Ukandituma kusesa pakhomo ndinkasesa mpaka pa bwalo la eni ake. Batire ndinalifunditsa bwinobwino. Kenako ndinaona kareguleta kaja kali pamtetete, mphepo ya ku Dzalanyama ikukawomba, ndipo ndinakamvera chisoni. Mwezi wa Juni kwathu timafunditsa chilichonse, mwana, nkhalamba, ngakhale mbande za tomato. Ndinatenga chitenje chakale cha Amayi, n'kukakulunga katatu pamodzi ndi sefuliya yake, n'kumanga mfundo. Ndinakagona ndikudzitama mumtima.

Kutacha, udzu wonse unali mbuu ngati wawazidwa ufa. Nditalowa m'khitchini ndinapeza babu likungofiira pang'ono n'kuzima, kufiira n'kuzima. Anapiye anali ataunjikana pakona imodzi, apamwamba akulira mwapansipansi, apansi ali zii. Ndinatola mmodzi, khosi lake linangolendewera.

Mantha amene anandigwira sindinawamveponso mpaka lero. Ndinagwedeza mawaya, palibe chinasintha. Ndinayesa kuyatsa mbaula, koma makala anali atanyowa ndi mame. Ndinayamba kulonga anapiye m'diresi, pamimba penipeni, ena m'khwapa, ndikuwauzira mpweya, koma thupi langa linali laling'ono ndipo iwo anali ambiri. Ndikafungatira awa, awo ankafa ndikuona. M'mutu mwanga munali Amayi okhaokha, ali pa benchi ya kuchipatala ndi mwana wobanika, akudzilimbitsa mtima kuti kunyumba zinthu zili bwino.

Ndinathamanga wopanda nsapato kupita kwa aNaphiri, oyandikana nafe, omwe anali ndi foni. Iwo anaimbira Ababa n'kundipatsa foniyo, ine dzanja limodzi litagwira diresi kuti anapiye asagwe.

"Ababa, babu lazima, anapiye akufa."

"Batire unalifunditsa?"

"Eya, ndinafunditsa zonse."

"Zonse ziti, mwana wanga?"

"Ndi kareguleta komwe. Kanali pamphepo."

"Thamanga ukakavule. Kameneko kamatentha kokha pogwira ntchito, ndiye kakatenthetsa kamadzizimitsa. Pamphepopo ndinakaikapo dala."

Chitenjecho chinali chofunda ngati chasitidwa, ndipo nditakhudza sefuliya ndinapsa chala. Ndinamasula mfundo ndi mano. Mphepo yomwe ija inaziziritsa chitsulocho, ndipo posakhalitsa babu linawala osazimanso. ANaphiri anabwera ndi makala amoto pa phale, tinayala anapiye amoyo pansi pa babu, ena n'kuyamba kutambasula timiyendo. Khumi ndi asanu ndi mmodzi sanadzuke.

Ababa anasiya msika n'kufika masana, thukuta lili kamukamu. Ndinali nditathyola kale kamtengo kondikwapulira, n'kukaika pakhonde kuti asavutike kufunafuna. Anakayang'ana, anakaponya kutali.

"Ndinakuuza chochita koma sindinakuuze chifukwa chake," anatero. "Theka la anapiye afawa ndapha ndine."

Chikwapu chikanandipepukira. Amayi anabwera patapita masiku atatu, mwana atachira. Sanakalipe. Anagwada pa katoni ali chiberekere mwana, nawerenga anapiye awo, kenako n'kuwerenganso kachiwiri pang'onopang'ono, ngati mwina analakwitsa. Ine ndinaima pakhomo ndikudziwa kuti sanalakwitse.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimaika masola m'midzi ya ku Malingunde. Anthu amadandaula kuti ndimalongolola, chifukwa sindichoka pakhomo mpaka mwini nyumba atandibwerezera chifukwa chake chinthu chilichonse chili pamene chili. Ndinazindikira kuti chisoni chopanda kufunsa chimapha, ndipo amene amapha nacho amakhala munthu wabwino amene ankangofuna kuthandiza.