Pampu yomwe inkataya madzi

Pampu inafika kwathu ku Malemia chaka chomwe tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha. Inabwera ndi bungwe lina lachithandizo, ndipo anaiika m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'phiri la Zomba. Sinkafuna dizilo kapena magetsi. Madzi ankatsika mwamphamvu m'paipi yachitsulo kuchokera pa kadamu ka kumtunda n'kudzamenya kachitseko ka pa pampupo. Kachitsekoko kakatsekeka mwadzidzidzi, madzi ochepa ankakankhidwa kukwera chitunda mpaka pa mpopi wa m'mudzi. Ochuluka ankathovokera panja n'kubwerera mumtsinje. Inkagunda osaleka, gu, gu, gu, ndipo azimayi anaitcha mkazi wosatopa kusinja.

Mpopiwo unali kuseri kwa nkhokwe yathu. Amayi anga anali ndi bondo lotupa kuyambira pamene anaterereka ndi ndowa pachitunda chomwecho, ndipo kutsikira kumtsinje kunkawagoneka tsiku lonse. Ine ndinkagwira ntchito ku Zomba, kumudzi ndinkabwera Loweruka panjinga. Miyezi imeneyo ndinkawapeza atakhala pachitsa pafupi ndi mpopi, ndowa ikudzaza yokha, iwo akusenda chinangwa.

Tsiku lotsegulira ndinalipo. Injiniya, bambo wa kwathu konkuno wovala kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, anafotokoza zonse m'Chingerezi kwa alendo a masuti. Anafotokoza bwino, ndipo alendowo anagwedeza mitu. Eni madzi anaimba nyimbo, n'kuuzidwa mawu amodzi okha m'chinenero chawo: musaigwire.

Mu Okutobala mtsinje unachepa, ndipo madzi a pa mpopi anayamba kutuluka ngati ulusi. Amalume anga, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anali mlimi wa mpunga kudambo. Mlimi wa mpunga amadana ndi podontha. Akaona madzi akuthawa pa khoma ladothi la munda wake, amaponya khasu n'kukamata ndi manja nthawi yomweyo, ndipo munda wa amalume sunkadontha paliponse. Iwo anatsikira kukaiona pampuyo, nabwerako atakwiya.

"Achemwali, chinthu chija n'choboola," anawauza amayi. "Madzi onse akuthera pansi. Mukudikira ndowa theka la tsiku pomwe mtsinje ukungodutsa m'kamwa mwake."

"Anati tisaigwire, achimwene."

"Sindikuigwira, ndikuimanga. Kodi mukapatsidwa mtsuko wong'aluka mumangouyang'ana?"

"Inu mumata chilichonse. Tsiku lina mudzamata pakamwa pa alamu anga."

"Pamenepo ndinayesa kale, mphira inaduka."

Anaseka onse. Masana omwewo amalume anadula mphira ya chubu cha njinga, nakulunga kachitseko kaja mpaka dontho silinatuluke. Kugunda kunaleka. Mpopi unauma. Anamasula mphirayo mwachangu, koma pampu inangokhala chete.

Ndimanena izi poyera mpaka lero: amalume anaganiza bwino potengera zimene ankadziwa. Palibe anawauza kuti madzi otayikawo ndiwo mphamvu ya pampuyo, monga mmene dizilo alili ku chigayo. Kunena zimenezo sikukanatenga nthawi yoposa ya nyimbo imodzi mwa zija tinaimbira alendo.

Uthenga unapita ku Zomba, ndipo ndinaupititsa ndine. Injiniya anabwera mvula itayamba kale, amayi atatsikanso chitunda kambirimbiri ndi ndodo. Anapeza zidutswa za mphira pafupi ndi pampu, nazinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ndani wachita izi?"

Amalume anavula chipewa. "Ndine, bwana. Inkataya madzi."

"Tinakuuzani kuti musaigwire."

"Eya, bwana. Koma simunatiuze kuti kutayako n'kwadala."

Injiniya anaponda kachitseko kaja ndi nsapato, n'kusiya, n'kupondanso, kangapo konse. Pampu inatsokomola, kenako inayamba: gu, gu, gu. Sinafe konse. Inkangofuna kuidzutsa ndi phazi, ndipo zimenezonso palibe anatiuza. Azimayi anaimba nthungululu. Amayi anga anawomba m'manja ndodo itagwa pansi.

Nthungululu isanathe, injiniya anatseka madzi kumtunda, nauza antchito ake kuti amasule mabawuti. Anati anthu osasamala katundu sapatsidwa katundu, ndipo kuli midzi ina imene ikuifuna.

Amayi anayandikira akutsimphina. "Bambo, taonani mwendowu. Mwationetsa kale mmene mumaidzutsira. Sitidzaimanganso."

"Mayi, nkhaniyi inatha kale ku ofesi."

Ndiye kuti anachoka ku Zomba ndi masipanala m'galimoto, asanamve mawu a munthu aliyense. Anaidzutsa kuti angotsimikiza kuti kumene ikupitako ikagwira ntchito. Ife tinaimirira pamenepo n'kumaonerera akuikweza, madzi akudontha m'paipi yopanda kanthu.

Amayi sanawanene amalume ngakhale kamodzi. Koma m'mawa mwake amalume anamangirira zigubu ziwiri panjinga yawo, natsikira kumtsinje pakati pa azimayi, chinthu chimene mwamuna wa msinkhu wawo sankachita. Azimayiwo ankawafunsa kuti chitenje achisiya kuti, iwo akungodzaza zigubu zawo. Anatunga madzi a mlongo wawo choncho mpaka bondo lawonso linayamba kuwakana, ndipo pamenepo amayi anatolanso ndodo ndi ndowa. Chipilala cha mpopi chikadalipo kuseri kwa nkhokwe. Amamangirirapo mbuzi.