Ndinathamangira kumchira kwa mndandanda

Inu owerenga, mavuto amene ndili nawo lero ndinawaputa ndekha, ndipo ndinawaputa ndikudziona ngati wochenjera kuposa anzanga onse.

Ndine woyendetsa ndege. M'ntchito yathuyi chilichonse chimayendera mndandanda wa amene anayamba kale pakampanipo. Ukaputeni, tchuthi cha Khirisimasi, ngakhale kuchotsedwa ntchito zinthu zikavuta, amangoyang'ana tsiku limene unalowa. Ukasintha kampani umakayambira kumchira ngati mwana wa dzulo, ngakhale uli ndi imvi.

Ndinagwira zaka zoposa khumi pakampani ina ya ndege zing'onozing'ono zoyenda m'dziko momuno, mpaka ndinakhala kaputeni. Koma kunena zoona, mtima unkandiwawa ndikaona a kampani yaikulu akutsika ndege ya ku Joni pa Chileka, masutikesi ali tho.

Kenako kunamveka mphekesera zoti kampani yaikuluyo igula yathu. Tinakumana palesitilanti ina ku Limbe, aliyense nkhope ili khuma. Ambiri ankati akatigula adzatiunjika tonse pansi pa mndandanda wawo. Apo m'pamene nzeru zanga zoipa zinabwera. Ndinati ndikasiya ntchito msanga n'kukalowa kumeneko ndekha, anzangawa pobwera adzandipeza ndili pamwamba pawo.

Ndinauza a Twaibu, kaputeni wachikulire wa ku Mpingwe amene anandiphunzitsa ntchito. Iwo anandiyankha kuti, “Achimwene, tadikirani zokambirana zithe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.” Mumtima ndinati madalawa ndi amantha.

Ndinalemba kalata yosiya ntchito, n'kukayamba kukampani yaikulu ngati wothandiza kaputeni. Pasanathe chaka makampani aja anaphatikizanadi. Mabungwe a oyendetsa ndege a mbali ziwirizi anakangana kwa miyezi, ndipo pomaliza anagwirizana kuti a kampani yaing'ono zaka zawo zonse ziwerengedwe. Nditamva, ndinathamangira ku ofesi m'tauni kukadandaula, koma anandiyankha mwaulemu kuti zaka zanga ndinazitaya ndekha tsiku limene ndinasaina kalata ija.

Lero Yamikani, mnyamata amene ndinkamugwira dzanja pomuphunzitsa kutera kukamagwa mvula, ndiye kaputeni wanga. Amanditchulabe kuti bwana, ndipo mawu amenewo amandibaya kuposa chipongwe.

Manyaziwo ndikanapirira. Koma tsopano mafuta a ndege akwera, maulendo ena aimitsidwa, ndipo atiuza kuti achepetsa antchito kuyambira pansi. Pansi panga pali anyamata awiri basi. Tulo sindikuona. Mayi akunyumba kwathu ku Naperi amandifunsa chimene ndikuonderamo, ine n'kumanamizira shuga. Ana akali pasukulu. Ndikati ndikafune ntchito kwina, kumenekonso ndikayambira kumchira, pamsinkhu wanga uno.

Choncho inu owerenga, makamaka amene ntchito yanu imayendera zaka, mukamva kuti kampani yanu ikugulidwa musamadumphe nokha chifukwa cha mphekesera. Khalani ndi anzanu mpaka zonse zilembedwe, ndipo akulu akati dikirani, dikirani. Ine ndinafuna kupitirira anzanga, osadziwa kuti ndikudzikankhira kukhomo.

Dzulo anyamata awiri aja anaitanidwa ku ofesi. Pamene ndikulemba izi foni yanga ili pathebulo pano, ndipo ndikuopa ngakhale kuiyang'ana.