Chigubu cha m'chiuno

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, mwamuna wanga anapeza bwato lakale kwa amalume ake ku Matundo, n'kulimata ndi phula. Dimba lathu linali pachilumba pakati pa Zambezi, ndiye m'mawa uliwonse tinkawoloka, iye akupalasa, ine nditakhala pakati pa madengu ndi mwana wathu wa zaka ziwiri.

Ine kwathu n'ku Angónia, kumapiri. Madzi amene ndinkawadziwa ndi a mumtsuko. Kusambira sindidziwa mpaka lero, choncho kubereka mwana m'bwato ndinakana, poti ndikagwa ine tipita tonse awiri. Mwanayonso anali wosamva. Akaona kanthu kakuyandama ankakalondola ndi thupi lonse.

Nzeru ndinaipeza ndekha, ndipo ndinkanyada nayo. Kumsasa wa othawa nkhondo tinkalandira mafuta ophikira m'zigubu, ndipo zingapo ndinabwera nazo. Ndinatenga chimodzi, n'kuchitseka zolimba, n'kumamumangirira nacho mwana kumbuyo m'chiuno ndi kapulana, nsalu yathu ya chitenje. Akazi a padoko ankaseka kuti mwana wamera mchira, ine osawalabadira. Bambo ake anangoyang'ana n'kuti, "Chabwino." Munthu woti anadziwa kusambira asanadziwe kuvala kabudula, za zigubu akanazidziwira kuti?

Tinayenda choncho miyezi isanu. Tsiku lina masana tikutsitsa tomato padoko, mwana anaweramira kabotolo kamene kankadutsa, n'kugwera m'madzi. Sipanali pakuya, munthu wamkulu madzi ankamulekeza m'chiuno. Chigubu chinagwira ntchito yake. Chinayandama, n'kukweza matako m'mwamba, mutu n'kuloza pansi. Chimene ndinaona ndi timapazi tiwiri tikupalasa mphepo. Bambo ake anamukoka mwendo. Mwana anasanza madzi, n'kulira, kenako n'kuyamba kufunanso kabotolo kaja.

Mayi wina wachikulire wogulitsa nsomba anasiya beseni lake, n'kudzamasula kapulana ija. Anaika chigubu pachifuwa pa mwana, nsalu n'kuidutsitsa m'khwapa.

"Mwana wanga, mutu wa khanda ndi wolemera. Chigubu chimakhala apa. Pronto, basi."

"Nanga amayi, masiku onsewa mumaona, bwanji osandiuza?"

"Ife timayesa ndi mmene amachitira ku Malawi."

Ndinakwiya, koma woti ndimukalipire panalibe. Mwamuna wanga anapitiriza kutsitsa madengu osandiyang'ana kumaso.

M'mawa mwake tinawolokanso, poti dimba silidikira munthu. Titafika pakati pa mtsinje, pamene madzi amathamanga ndipo ngakhale nsungwi sifika pansi, ndinamukumbatira mwana zolimba. Padoko paja bambo ake anamupeza ndi dzanja limodzi. Apa madzi akanamutenga chadodolido, ife tikuonerera. Ndinkamudutsitsa pamenepa kawiri pa tsiku, mtima uli m'malo, mfundo nditamanga ndekha.